Thumba Lachoka, Kapepala Katsala

Munayamba mwaimapo pamsewu waukulu pa Nyimba, phava la nthochi m'manja, basi ikuliza huta, inu mukulimbana ndi foni? Mwatsegula apu, yaonetsa nkhope kamphindi, kenaka yazima, mwabwerera pomwe munayambira. Mwayesanso, chimodzimodzi. Dzulo lomweli inkagwira bwinobwino. Chasintha n'chimodzi chokha: usiku munavomera kuti ilandire update. Ambiri timathamangira kunena kuti foni yadzaza, ena amati ndi netiweki, ena amapita nayo kwa mnyamata wa pamsika kuti aiflashe. Takhalani pansi, abale anga, tikambirane. Kawirikawiri vuto silikhala m'foni yanu ayi. Limakhala m'mene apuyo inalembedwera, ndipo kwinakwake kuli munthu amene sakugona, akulisakasaka.

Tiyambe ndi mawu akuti memori, chifukwa amatisokoneza. M'foni muli malo awiri. Muli nkhokwe, momwe mumakhala zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo a ukwati wa chaka chatha. Zimenezo zimakhalabe ngakhale foni itazima sabata yonse. Ndiye muli bwalo logwirirapo ntchito, lomwe amalitcha RAM. Nkhani yathu ili pabwalo limeneli.

Pitani pachigayo chilichonse ku Petauke Loweruka m'mawa. Pakhonde pali matumba, mathini ndi mabeseni ndondondo, wina wabwera ndi mgaiwa, wina ndi mphale yonyika kale. Mnyamata wa pachigayo, nsidze zili mbuu ndi ufa, ndiye amadziwa kuti thumba ili ndi la uje, beseni ilo ndi la amayi aja apita kukagula ndiwo. Khondelo ndi laling'ono. Wina akagayitsa n'kunyamula ufa wake, malo akewo sakhala opanda kanthu kwa mphindi zisanu, pabwera katundu wa munthu wina. Tsono tiyerekeze kuti mwini chigayo wajambula mizere pansi ndi makala, malo aliwonse ndi nambala yake, ndipo aliyense woika katundu akupatsidwa kapepala kolembedwa nambalayo. RAM ili choncho. Apu ikafuna kusunga dzina lanu, chithunzi kapena ndalama zimene mwalemba, imapempha malo, imapatsidwa, n'kusunga kapepala. Olemba mapulogalamu kapepalako amakatcha pointer. Kapepala si chimanga, kamangonena kumene chimanga chili.

Ngozi zonse za mtundu uwu zimachokera pa kusiyana kwa kapepala ndi thumba. Mwagayitsa, mwanyamula ufa, mwapita kunyumba, koma kapepala kolembedwa 17 katsala m'thumba la malaya. Mawa mwana wakapeza, wathamanga nako kuchigayo, wanyamula zomwe zili pamalo 17. Akapeza palibe kanthu, ndiye mwayi, abwerako chimanjamanja, mudziwa msanga kuti palakwika. Tsoka ndi pamene apeza beseni la mwini, n'kubwera nalo, inu n'kuphika osadziwa. Mlandu udzabuka madzulo, kutali ndi chigayo, pakhomo pa munthu amene sanalakwe kanthu. Imeneyo ndiyo ngozi yoyamba: kugwiritsa ntchito malo amene anabwezedwa kale.

Yachiwiri ndi kusefukira. Mwapatsidwa malo okwana meda imodzi, inu mwakhuthulapo thini yathunthu, chimanga chanu n'kukwirira cha mnansi. Kapena mwatumidwa kukatenga matumba 21 pamzere wa matumba 20, ndiye dzanja lagwira pomwe palibe chanu. Musaione ngati nkhani yaing'ono. Pa 19 July 2024 update ya kampani ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege zinalephera kunyamuka, zipatala ndi mabanki m'maiko ambiri zinasokonezeka, ndipo kampaniyo inafotokoza yokha kuti pulogalamu inkayembekezera zinthu 21 pomwe inkapatsidwa 20. Inatambasula dzanja kukatenga cha nambala 21, n'kugwira kunja kwa malire.

Yachitatu ndi ya anthu awiri pamphika umodzi. Apu sigwira ntchito ndi dzanja limodzi. Dzanja lina likujambula zomwe mukuona, lina likukoka uthenga pa intaneti, lina likuwerengera. Mpongozi wathira mchere m'ndiwo n'kupita kukatunga madzi, apongozi afika, osalawa, athiranso. Masiku ambiri sakumana, ndiwo zimakoma. Tsiku lokumana ndi lomwe kwabwera alendo.

Nanga n'chifukwa chiyani apu imangozima osatsazika? Chifukwa pachigayo pali mlonda. Android kapena iOS ikaona apu yalowetsa dzanja pamalo amene si ake, sifunsa mafunso, imaitulutsa panja nthawi yomweyo. Pa iPhone mlonda amalemba m'buku mwake kuti EXC_BAD_ACCESS. Pa Android amalemba SIGSEGV, kapena signal 11, n'kusiya lipoti lomwe akatswiri amalitcha tombstone, kutanthauza mwala wa pamanda. Ine ndimamuyamikira mlonda ameneyu. Kuli bwino apu izime kusiyana n'kuti ipitirize kuwerengera ndalama zanu ndi manambala otola pamalo a mwini.

Tsopano tifike pa funso lenileni. Apu yakhala ikugwira zaka zitatu, wolemba wake wangosamukira ku chilankhulo chatsopano, sanasinthe ganizo lililonse, yayamba kugwa. Zatheka bwanji?

Mapulogalamu amalembedwa m'zilankhulo zawo. Za iPhone masiku ano ndi Swift, chomwe Apple inatulutsa mu 2014. Za Android, monga matecno ndi maitel omwe adzaza m'matumba athu kuno, ndi Java ndi Kotlin, chomwe Google inachivomereza mu 2017. Foni simamva zilankhulo zimenezi mwachindunji. Pakati pali womasulira, compiler, amene amasandutsa zolembedwazo kukhala malangizo a makina. Chilankhulo chikakwezedwa, ndiye kuti womasulira wasintha, ndipo malamulo ena a pakhonde paja asintha naye.

Akuluakulu mukukumbukira 1 January 2013, pamene ndalama yathu inadulidwa maziro atatu, K1,000 n'kukhala K1. Ndalama zakale ndi zatsopano zinayendera limodzi mpaka kumapeto kwa June. Wa golosale amene m'kope lake la ngongole ankalemba tsiku ndi mtundu wa ndalama sanavutike. Koma amene ankangolemba kuti uje 50, podalira kuti aliyense akudziwa tanthauzo lake, anakangana ndi makasitomala. Kodi 50 ameneyo ndi 50 pin wakale, kapena K50 yakale ya suwiti? Boma silinamulakwire munthu ameneyo. Kope lake linali losalongosoka kuyambira kale, kungoti panalibe chomuyesa. Apa ndiye pagona nkhani yanga yonse: nthawi zambiri chilankhulo chatsopano sichibweretsa vuto, chimavundukula vuto lomwe linalipo.

Taonani momwe zimachitikira mu Swift. Chilankhulochi chimawerenga anthu amene agwira thumba lililonse. Agwira atatu, thumba likhale. Wasiya mmodzi, atsala awiri. Akasiya wotsiriza, malo abwezedwa. Njirayi imatchedwa ARC, ndipo Apple inayamba nayo mu 2011, Swift isanabadwe. Koma pali kagwiridwe kena kosawerengedwa, komwe amakatcha unowned, ngati munthu wongoloza thumba ndi chala n'kumati musandiwerengere, mwini wake ali pompano. Bola mwini wake akhalepodi. Swift sinalonjezepo kuti thumba lidzadikira mpaka ntchito yonse ithe. Inalonjeza kuti lidzakhalapo mpaka womaliza kuligwiritsa ntchito atamaliza. Womasulira wakale akhoza kukhala ngati mnyamata waulesi amene amasesa khonde madzulo okhaokha, choncho woloza ndi chala uja ankapezabe thumba lili pomwepo. Wabwera mnyamata wachangu, amene amachotsa katundu mwini akangotembenuka. Wolakwa ndani? Watsopanoyo akutsata lamulo lomwe linalembedwa kale. Wolemba apu ndiye ankadyera ulesi wa woyamba uja.

Nthawi zina lamulo lenilenilo limakhwimitsidwa. Swift 3 ya mu September 2016 inasintha maina a malangizo ambirimbiri, moti anthu anadalira makina osinthira zolemba zawo, ndipo makina samva cholinga cha munthu, amangosintha mawu. Swift 4 ya mu 2017 inaika lamulo lakuti chinthu chimodzi chisagwiridwe kawiri pamene chikusinthidwa, koma linkayang'aniridwa kwambiri poyeserera. Swift 5 ya mu March 2019 inayamba kuliyang'anira ngakhale m'maapu omwe ali m'manja mwa anthu, ndiye ena omwe ankazemba anayamba kuimitsidwa. Mu 2020 womasulira anayamba kuchenjeza akaona kapepala kopangidwa pa thumba lomwe lichoke nthawi yomweyo. Swift 6 ya mu September 2024 inalimbana ndi nkhani ya mphika ija, kuti ikane zolembedwa zotere apu isanatuluke n'komwe. Walira mvula walira matope: ofuna chilankhulo chotetezeka ayenera kulandiranso ntchito yokonza zakale zawo.

Mwina mukuti zimenezo ndi za iPhone, kuno ndi angati ali nayo? Zoona. Java ndi Kotlin zili ndi wosesa wawo, amene amayendayenda n'kumachotsa matumba okhawo opanda woagwira, choncho ngozi ya kapepala kakale sichitika kawirikawiri pamwambapo. Koma pansi pa maapu ambiri pali zidutswa zolembedwa mu C ndi C++, zowerenga kamera, zosindikiza lisiti, zobisa mawu achinsinsi, ndipo kumeneko kulibe wosesa, aliyense amadzisungira yekha mapepala. Kuyambira pa 1 August 2019 Google Play inalamula kuti maapu otere akhale ndi mtundu wa 64-bit. Mwachidule, adiresi ya malo inatalika kawiri. Tengani fomu yokhala ndi timabokosi tisanu, mulembepo nambala ya foni ya manambala khumi. Theka litsala panja, ndipo mukaimba zomwe zakwanazo simupeza munthu wanu. Olemba ena ankasunga kapepala m'kabokosi kakang'ono, pa 32-bit kankakwana, pa 64-bit kanaduka. Android 11 ya mu 2020 inayambanso kudinda kachizindikiro kumutu kwa kapepala, ndipo maapu omwe ankafufuta kapena kulembapo zawo pamutupo anagwidwa. Android 15 inalola kuti memori igawidwe m'magawo a 16 KB m'malo mwa 4 KB. Amene analemba nambala 4096, yomwe ndi 4 KB ija, ngati kuti ndi lamulo la Mulungu ali ngati wogula chimanga amene anazolowera meda imodzi, osafunsa ngati muyeso wasintha.

Ndiye vuto lotere amalisaka bwanji? Choyamba n'kudziwa za denga. Mvula ya mu January ikamadontha pabedi, wanzeru sakwera kukamata lata lomwe lili pamwamba pa bedipo. Madzi alowera pamsomali wa kumtunda, atsetsereka ndi mtanda, adzagwera pomwe apeza potsika. Lipoti la mlonda limanena pomwe apu inagwera, osati pomwe inalakwira. Wobweza malo msanga anachita zimenezo masekondi angapo m'mbuyomo, m'gawo lina la pulogalamu, ndipo wapita kale. Achinyamata ongoyamba ntchitoyi amataya masiku akumata pamwamba pa bedi.

Komabe lipotilo liwerengedwe, ndipo liwerengedwe ndi kaundula wake. Likamabwera kuchokera m'foni limakhala manambala okhaokha, ngati malisiti a ku depoti ya FRA opanda buku la maina. Pomanga apu pamatuluka fayilo yolumikiza manambala ndi maina a malangizo, pa iPhone imatchedwa dSYM. Mukaitaya, kapena mukatenga ya update ina, mudzaitana anthu olakwika. Mulipotimo mulinso adiresi yomwe dzanja linagwira, ndipo imanena zambiri. Ikakhala ziro kapena pafupi ndi ziro, ndiye kuti mwana anatumidwa ndi kapepala kosalembedwa kanthu, vuto losavuta kulipeza. Ikakhala nambala yaitali yooneka ngati yeniyeni, ganizirani za thumba lomwe linachoka.

Chida chomwe ndimachikonda kuposa zonse chimandikumbutsa agogo. Nkhuku zikamasowa m'khola usiku, sankakhala panja kudikira ndi mpini. Ankasefa phulusa madzulo, n'kuliwaza mopyapyala kuzungulira khola lonse, mpaka pansi pa makwerero. M'mawa, dzuwa lisanakwere, ankawerama n'kuwerenga: apa padutsa vungo, apa galu wa kwa aneba, apa phazi la munthu lovala patapata. AddressSanitizer, chida chomwe akatswiri a Google anachifotokoza mu 2012 ndipo Apple inachiika mu Xcode, pulogalamu yake yolembera maapu, mu 2015, chimachita zomwezo. Chimawaza phulusa m'mbali mwa thumba lililonse, ndipo malo obwezedwa sichiwapereka msanga kwa wina, chimayamba chawasunga ali ndi phulusa. Dzanja likangogunda pamenepo, chimaimitsa zonse n'kunena zinthu zitatu: amene wagunda, amene anapempha malowo, ndi amene anawabweza. Wachitatuyo ndiye msomali wa kumtunda uja. Apu imayenda pang'onopang'ono, pafupifupi theka la liwiro lake, n'chifukwa chake phulusali ndi la poyeserera, osati la kwa makasitomala. Cha mphika uja chiliponso, Thread Sanitizer, chomwe chimagwira manja awiri ngakhale tsiku limenelo mchere sunachuluke.

Mu Xcode mulinso njira yokhala ndi dzina loseketsa, Zombie. Pa zinthu za mtundu wa Objective-C, chilankhulo chakale cha iPhone, thumba likachotsedwa pamalopo pamatsala chidole chomwe chimakuwa wina akachigwira, n'kutchula kuti pano panali chakuti. Zili ngati kusiya mwana pakhomo la nyumba imene eni anasamuka, kuti aone amene akubwerabe kudzagogoda.

Zikakanika zonsezi, pali njira ya wokonza njinga. Muoneni pansi pa mtengo, beseni la madzi akuda pambali, chubu chopopedwa m'manja. Bowo ndi laling'ono, khutu silikumva. Akhoza kumiza pang'onopang'ono kuzungulira chubu chonse, koma wochenjera amachipinda n'kumiza theka lonse. Thovu palibe? Ndiye bowo lili ku theka linalo. Apindanso limenelo pakati, amizanso. Olemba mapulogalamu amasunga mbiri ya kusintha kulikonse, ndipo lamulo la git bisect limapinda mbiriyo chimodzimodzi. Pa zosintha 1,000, kuyesa kakhumi kokha kukwana kupeza chomwe chinayambitsa. Koma njirayi imagwira ngati munthu anasintha zinthu chimodzichimodzi. Amene wakweza chilankhulo, wasintha zidutswa zobwereka kwa ena, wawonjezeraponso batani latsopano, zonse tsiku limodzi, ali ngati wosintha tcheni, mabuleki ndi gudumu nthawi imodzi. Njinga ikayamba kulira, aloza chiti?

Pali chinanso chomwe chimandinyansa ndikachimva, mawu akuti kwa ine ikugwira. Njinga iliyonse imayenda bwino itazondotsedwa, gudumu likuzungulira m'mwamba. Iyeseni ndi matumba awiri a makala pa zitunda za ku Kacholola. Apu ya poyeserera imamangidwa mosathamanga, womasulira sadula ngodya. Yopita kwa anthu imafinyidwa kuti ithamange, ndipo pamenepo ndi pomwe mnyamata wachangu uja amaonekera. Komanso foni ya wolemba ku Lusaka ili ndi khonde lalikulu, malo obwezedwa amakhala nthawi asanatengedwe, kapepala kakale kamapezabe ufa wake. Foni ya mlimi wa kwa Kalindawalo ili ndi khonde la 2 GB, WhatsApp ndi Facebook zili momwemo, malo akangobwezedwa alandidwa. Ngozi imene wolemba amaiona kamodzi pamwezi, mlimi amaiona katatu patsiku. Wolembera anthu akuno agule foni yotchipa ngati yawoyo, aziyesera pamenepo.

Mayesero aakulu ndi kubwerera ku chilankhulo chakale. Ngati anthu akulephera kulandira ndalama zawo lero, bwererani ndithu, moto uzime kaye. Koma kumeneko n'kuika beseni pabedi. Bowo likadalipo, ndipo masitolo a Apple ndi Google sakulolani kukhala pa zida zakale mpaka kale. Choopsa china n'chakuti pomwe dzanja la apu likhoza kulowa molakwika, la mbala likhozanso kulowa mwadala. Microsoft inanena mu 2019 kuti pafupifupi 70 pa 100 iliyonse ya mabowo achitetezo omwe inkatseka chaka ndi chaka ankachokera ku zolakwika za memori. Ndiye kapepala kakale kaja si nkhani ya kuzima kwa apu kokha.

Inu amene simulemba mapulogalamu muli ndi gawo lanu, ndipo si laling'ono. Wolemba sangawaze phulusa ngati sadziwa khola lomwe likubedwa. Apu ikagwa, musathamangire kuflashitsa foni, mudzangotaya zithunzi za ana popanda chifukwa. Kumbukirani chomwe munkachita: munadina chiyani, munali mutangojambula chithunzi, netiweki inali itangoduka, kapena munatuluka kukayankha foni n'kubwereranso? Onani mtundu wa foni yanu ndi nambala ya Android yake. Kabokosi kakatuluka kofunsa ngati mukufuna kutumiza lipoti, vomerani, sikadya bandulo yambiri. Ndipo mukawaimbira eni apu, musangoti yafa. Auzeni kuti ndi itel yakuti, Android yakuti, imagwa ndikangodina potumiza nditachoka pa kamera, ndipo yayamba Lachiwiri nditalandira update.